Kulemba kuti "si yanga" sikukupatsani chilolezo

M'magulu a WhatsApp ndi Facebook mumabwerabwera uthenga woti nyimbo, chithunzi kapena ndakatulo ikangofika pa intaneti ndi ya aliyense, bola ilibe chizindikiro cha © chosonyeza kuti ili ndi mwiniwake. Ena amawonjezera kuti ukalemba "si yanga, ulemu kwa mwiniwake", kapena ukadula masekondi 30 okha, mlandu palibe.

Zonsezi n'zabodza. Pangano la Berne la 1886, lomwe mayiko oposa 180 analowamo, limateteza ntchito yaluso popanda kuilembetsa kapena kuikapo chizindikiro. Pa nyimbo ndi zolemba, chitetezocho chimakhala moyo wonse wa mwiniwake ndi zaka zosachepera 50 atamwalira, ndipo mayiko ena anazifikitsa pa 70. Kutchula dzina ndi khalidwe labwino ndithu, koma si kupempha. Za masekondi 30zo m'panganomo mulibe. Malamulo amalola kugwirako mawu ochepa pophunzitsa kapena pounika ntchitoyo, koma malire ake amasiyana m'dziko lililonse.

Uthengawu ukakupezani, funsani wotumizayo kuti ndi lamulo liti, ndime iti, kenaka muwerenge nokha lamulo la dziko lanu. Onaninso ngati mwini ntchito anaikapo chilolezo chonga Creative Commons (chomwe chimauza anthu onse zimene akuloledwa kuchita ndi ntchitoyo), apo ayi m'funseni. Chonde musautumizenso kwa ena.