Notisi ya mwezi umodzi sithetsa pangano lililonse la lendi

"Ndinapereka notisi ya mwezi umodzi, ndiye palibe chimene angandichite." Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri muofesi yanga ya zamalamulo muno mu Mzuzu, ndipo anditopetsa. Owanena si anthu osadziwa kuwerenga ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'mabungwe, ena oti kuntchito kwawo ndiwo amasainitsa anzawo makontirakiti. Ndikafunsa kuti pepala limene munasaina polowa m'nyumbamo lili kuti, amayamba kupapasa m'chikwama, ena kuimbira foni kunyumba kuti akayang'ane mu sutikesi. Pepala likapezeka mumaona kuti linalembedwa chaka chathunthu, koma iwo atuluka mwezi wachisanu.

Lamulo la mwezi umodzi lilipodi, koma lili ndi pake. Limagwira ntchito pamene munagwirizana zolipira mwezi ndi mwezi osatchula tsiku limene panganolo lidzathe, monga zimakhalira m'nyumba zambiri za ku Chiputula, Zolozolo kapena Masasa, komwe munthu amangogwirana chanza ndi landilodi n'kulowetsa katundu. Pamenepo notisi isachepere nthawi imene lendi imawerengedwera, ndipo ithere pa tsiku limene mumalipira. Ngati mumalipira pa 1, musanene pa 20 kuti mutuluka pa 30 n'kumati mwapereka notisi. Ndipo inu amene munagwirizana kuti lendi yanu ndi ya miyezi itatu itatu, dziwani kuti landilodi akhoza kuumirira kuti notisi nayonso ikhale ya miyezi itatu, ndipo khoti likhoza kumumvera.

Koma ngati munasaina kuti mukhala kuyambira Januwale mpaka Disembala, munalonjeza lendi ya miyezi yonseyo. Kutulutsa mipando sikufafaniza lonjezo. Ngati landilodi sanalakwe, njira zotulukira bwino ndi ziwiri basi: mwina m'panganomo muli ndime yokulolani kuchoka msanga mukapereka notisi ya nthawi yakutiyakuti, apo ayi mwini nyumba avomere yekha kukumasulani. Kusamutsidwa pantchito, ntchito kutha, banja kutha, zonsezi n'zomvetsa chisoni ndipo landilodi waumunthu amazimva, koma pazokha sizithetsa pangano.

Pali mayi wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Ankachita lendi nyumba ya mpanda ku Katoto, pangano la chaka. Pakati pa chaka anawasamutsira ku Karonga. Anamuuza landilodi pafoni, iye n'kuyankha kuti "tiona." Mayiwo anamva ngati wavomera. Poopa kutaya lendi imene analipiriratu, analowetsamo mwana wa achimwene awo amene ankaphunzira ku Mzuni kuti amalize miyezi yotsalayo, ndipo anamuuza kuti akamachoka adzasiye kiyi kwa mlonda. Mnyamatayo anaitana anzake awiri kuti azigawana zolipira. Miyezi yolipiriratu itatha sanachoke. Anakhalamo mpaka mayeso atatha, osalipira kanthu, bilu ya madzi ikukwera, giza itapsa, chitseko cha kubafa chitathyoka. Kiyi anasiyadi kwa mlonda, ndipo mlondayo anaisunga mokhulupirika m'thumba la jekete lake kwa milungu ingapo, landilodi osadziwa kuti m'nyumbamo mulibe munthu.

Samani itafika, mayiwo anaipereka kwa bambo wina wodziwika kuti "amadziwa za kukhoti." Iye anawadyera ndalama, n'kuwalembera kalata yachingerezi chokhuthala yoopseza landilodi, n'kuwauza kuti asavutike kubwera ku Mzuzu chifukwa nkhani yatha. Kukhoti sikunapite yankho lililonse. Chigamulo chinaperekedwa iwo kulibe, ndipo pamene ankafika kwa ine n'kuti masherifu atawapeza kale ku Karonga. Chimene chimandiwawa n'chakuti landilodiyo sanali munthu woipa. Nditakumana naye anandiuza kuti akanalandira kalata ndi kiyi m'manja mwake mwezi umene mayiwo ankasamuka, akanawadula mwezi umodzi wokha, chifukwa ofuna nyumba ku Katoto sasowa. Pepala la mizere isanu likanapulumutsa firiji ndi mipando yawo.

Choncho "tiona" si chivomerezo, "palibe vuto amayi" wa pafoni si chivomerezonso. Lembani. Tchulani tsiku lotuluka, ndalama imene mwagwirizana kuti mulipira kapena akubwezerani, ndi mawu akuti pambuyo pa tsikulo palibe amene ali ndi ngongole kwa mnzake. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni. Ngati landilodi amakhala ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, uthenga wa pa WhatsApp umene wayankha momveka ndi wabwino kuposa kungokhala chimanjamanja, bola muusunge. Onetsetsaninso kuti amene mukukambirana nayeyo ali ndi mphamvu yokumasulani. Mlamu wake amene amangotolera lendi akhoza kukhala alibe.

Ndipo musalowetse munthu wina m'malo mwanu mwakachetechete. Mapangano ambiri amaletsa zimenezi popanda chilolezo cha mwini nyumba, nawonso a Malawi Housing Corporation salola kuti wochita lendi apatsire mnzake nyumba mwamseri. Kupeza wolowa m'malo ndi nzeru yabwino ndithu, ndiyo imene imafewetsa mtima wa landilodi msanga kuposa kulira. Koma mupite naye kwa landilodi, asaine pangano lakelake, dzina lanu lichokepo. Dzina lanu likatsala, galasi lililonse limene iye aswe ndi lanu. Landilodi akalowetsa munthu watsopano n'kuyamba kulandira lendi, pangano lanu latha pamenepo, ndipo sangakulipiritseni miyezi yomweyo imene wina akulipira. Ena amayesa kudya uku ndi uku. Funsani aneba tsiku limene nyali zinayambanso kuyaka m'nyumbamo.

Za dipoziti ndisachulutse. "Ndikhalira dipoziti yanga mwezi womaliza" ndi chizolowezi chathu, osati ufulu. Dipoziti ndi chikole cha zowonongeka ndi mabilu otsala, pokhapokha mutagwirizana zina. Mbali inayi, landilodi sangaidye yonse chifukwa penti yafwifwa kapena chogwirira chitseko chakhwepa ndi ukalamba. Nyumba imatha ndi kukhalamo, ndipo kuno chinyezi cha m'miyezi ya mvula chimadetsa makoma ngakhale mwa munthu waukhondo. Tsiku lotuluka yendani naye limodzi chipinda ndi chipinda, jambulani zithunzi, jambulani mita ya ESCOM ndi ya Northern Region Water Board, ndipo akafuna kudula ndalama akuonetseni kuti wadula chifukwa cha chiyani. Malisiti ndi mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba musafufute. Munthu amene analipira zaka ziwiri mokhulupirika koma alibe umboni amaoneka ngati wabodza pamaso pa majisitireti.

Nanga ngati wolakwa ndi landilodi? Denga likudontha chidonthere, chimbudzi chadzadza, amalowa m'nyumba mwanu nthawi imene wafuna. Zoterezi zikhoza kukupatsani chifukwa chomveka chochokera, koma osati pongodzuka m'mawa n'kuitana lole. Mlembereni, mpatseni nthawi yokonza, sungani kope, ndipo funsani uphungu musanasiye kulipira, chifukwa kusiya lendi mwa inu nokha kumasandutsa wodandaula kukhala woyankha mlandu. Eni nyumba nawo amve: kuzula chitseko, kuchotsa malata, kusintha loko mwini katundu ali kuntchito, kapena kutuma anyamata kukanyamula TV, zonsezi zikhoza kukulipitsani ndalama zoposa lendi imene mukulondola. Njira yovomerezeka ilipo, imadzera kukhoti ndi kwa masherifu. Ngongole ya lendi payokha si mlandu woti munthu atsekeredwe m'chitokosi, ndiye musamaopsezane ndi apolisi.

Tsono anthu amene amandikwiyitsa kwenikweni ndi madobadoba. Ena amadzitcha maejenti, amalengeza nyumba pa Facebook, amakulipiritsani yoonera, ndipo mukafuna kutuluka msanga amakuuzani kuti "zisiyeni kwa ine, mdala uja ndimadziwana naye." Ejenti wotere amadya mukamalowa, amadyanso akamalowetsa wina, ndipo pa pangano palibe dzina lake. Ena amazungulira pafupi ndi makhoti atanyamula mafayilo, kulonjeza kuti "akonza" mlandu. Munthu akakuuzani kuti ndi loya, a Malawi Law Society amakhala ndi mndandanda wa maloya amene ali ndi chiphaso chaka chimenecho, fufuzani dzina lake. Ngati ndalama ya loya palibe, a Legal Aid Bureau ali ndi ofesi mu Mzuzu momwe muno, ndipo anakhazikitsidwira anthu otere. Mudikira pabenchi, inde, koma kumeneko kuli maloya ololedwa kuima pamaso pa khoti.

Ndipo musamayese kuti mukafika ku Karonga, ku Mzimba kapena ku Nkhata Bay n'kusintha nambala ya foni ndiye kuti nkhani yafa. Malamulo athu amapereka zaka 6 zoti munthu asumire mnzake pa nkhani ya pangano, ndipo alipo eni nyumba oleza mtima amene amadikira mpaka amve kuti mwakwezedwa pantchito. Samani ikakupezani, masiku oyankhira amalembedwa pa pepala lomwelo. Pitani nayo kwa loya sabata yomweyo, pamodzi ndi pangano, malisiti ndi zithunzi zija. Chigamulo choperekedwa inu kulibe n'chotheka kupempha khoti kuti lichichotse, koma muyenera kufotokoza chifukwa chimene simunayankhire ndiponso kuonetsa kuti muli ndi mfundo yodzitetezera, ndipo mukachedwa kwambiri khoti limakana. Mayi a ku Karonga aja anabwera patapita miyezi. Chimene ndinakwanitsa ndi kupempha landilodi kuti avomere kulandira ndalamazo pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi.