Ramon Llull ndi zilembo zake zozungulira

Ndikamaphunzitsa mbiri ya mpingo, ophunzira amaseka ndikawauza kuti kunali mmishonale amene ankafuna kutembenuza anthu mtima ndi timapepala tozungulira. Munthuyo ndi Ramon Llull. Anabadwira ku Palma, pachilumba cha Majorca, chimene lero ndi mbali ya dziko la Spain, cha m'ma 1232, Mfumu James I ya ku Aragon itangolanda chilumbacho kwa Asilamu mu 1229.

Anali wa kunyumba ya mfumu, wapabanja, bambo wa ana awiri, koma wokonda kupekera akazi ena nyimbo zachikondi. Mu 1263, usiku wina akulemba nyimbo yotere, akuti anaona Yesu ali pamtanda, ndipo masomphenyawo anamubwerera kasanu. Basi anasiya zonse, moti mkazi wake, Blanca Picany, anachita kukapempha akuluakulu kuti pakhale wina woyang'anira chuma cha banjalo.

Nzeru yake inayambira apa. Ukamatsutsana ndi Msilamu kapena Myuda, kutsegula Baibulo lako sikuthandiza, chifukwa nayenso atsegula buku lake, ndipo mudzabalalika dzuwa litalowa aliyense ali pomwe anali. Llull anati tiyambire pa zimene tonse timavomereza: Mulungu ndi wabwino, wamkulu, wamuyaya, wamphamvu, wanzeru. Makhalidwe otere anawawerenga 9, lililonse ndi chilembo chake, kuyambira B mpaka K, kupatula J. Zilembozo anazilemba m'mphepete mwa timapepala titatu tozungulira, tosanjikizana, kakakulu pansi, tomangidwa ndi ulusi pakati. Ukazunguza kamodzi, B wa ubwino akumana ndi C wa ukulu, ndiye funso latuluka: ubwino waukulu chotere ungakhale phee osachita kanthu? Iye ankati ayi. Payenera kukhala wochita zabwino, wochitiridwa zabwino, ndi kuchita komweko, ndipo m'zitatuzi ankaonamo Utatu Woyera. Kunena zoona, mfundoyi imakhutiritsa msanga amene anakhulupirira kale Utatuwo.

Chiarabu anachiphunzira zaka 9 kwa kapolo wachisilamu amene anachita kugula. Tsiku lina anamva kuti kapoloyo wanyoza dzina la Khristu, ndipo anamumenya. Kapoloyo anasunga mangawa, kenako anamubaya ndi mpeni. Atamutsekera m'ndende, kapoloyo anadzimangirira. Nkhaniyi ili m'mbiri ya moyo wake imene Llull anafotokozera yekha amonke ku Paris mu 1311, ndipo ati anathokoza Mulungu pomuchotsera mtolo wosankha kupha kapena kumasula. Apa m'kalasi mumakhala zii. Munthu wofuna kukopa Asilamu onse ndi mfundo analephera ndi Msilamu mmodzi wa m'nyumba mwake. Ndipo atakalamba analembanso zolimbikitsa nkhondo yokalanda Yerusalemu.

Koma mantha sanamugonjetse. Anakafika ku Tunis mu 1293 n'kuthamangitsidwa. Mu 1307 ku Bugia, m'dziko limene lero ndi Algeria, anakhala m'ndende miyezi 6. Analemba mabuku opitirira 250 m'Chikatalani, Chilatini ndi Chiarabu, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Vienne mu 1311 ndi 1312 unavomera pempho lake loti Chiarabu ndi Chihebri ziziphunzitsidwa ku Paris, Oxford, Bologna ndi Salamanca.

Anamwalira cha m'ma 1316, atabwereranso ku Tunis ali ndi zaka zoposa 80. Zilembo zija anadzazitola ndi Leibniz mu 1666, mnyamata wa ku Germany wa zaka 20 amene ankafuna njira yoti kuganiza kuziyenda ngati masamu.