Kujambula m'kamwa ndi sikana kwa dokotala wa mano: ubwino wake ndi malire ake

Dokotala wa mano akafuna kukupangirani dzino loikirira, kachipewa kovekera dzino losweka kapena zowongolera mano opotoka, amayenera kudziwa kaye mmene m'kamwa mwanu mulili ndendende. Nthawi zambiri amene amaumba zinthuzi ndi katswiri wa ku labu ya mano, yemwe sadzakuonani n'komwe. Iye amadalira chikombole cha mano anu chimene dokotala wamutumizira. Chikombole chikalakwika, dzinonso limabwera lolakwika.

Kwa zaka zambiri chikombolechi chakhala chikutengedwa ndi phala lodindira mano. Masiku ano pali njira ina, yojambula m'kamwa ndi kachipangizo kotchedwa sikana ya m'kamwa. Uthenga uno ukufotokoza mmene kachipangizoka kamagwirira ntchito, phindu lake kwa wodwala, ndiponso zimene sikangathe kuchita.

Vuto la phala lodindira

Dokotala amadzaza phala m'kathireyi kopindika monga mmene mano anandandalikira, n'kukalowetsa m'kamwa ndi kukakanikiza. Inu mumangokhala duu, kukamwa kuli yasa, kudikira mphindi zingapo kuti phala ligwire. Malovu amadzaza, ndipo phala lina limatsetserekera chakukhosi. Ambiri amapirira, koma pali anthu amene chinthu chikangokhudza chakumapeto kwa lilime nseru imayamba nthawi yomweyo. Ana, okalamba ndi anthu ovutika kupuma ndi mphuno ndiwo amazunzika kwambiri.

Phalalo lilipo la mitundu ingapo. Lotchuka kwambiri ndi alginate, lopangidwa kuchokera ku ndere za m'nyanja. Vuto lake n'lakuti silichedwa kusintha: likakhala pamphepo limataya madzi n'kufota, likakhala m'madzi limafufuma. N'chifukwa chake amayenera kuthiramo pulasitala mwamsanga kuti apeze chifanizo cholimba cha mano. Phala la silicone limasunga bwino maonekedwe, komabe mukhoza kulowa kathovu ka mpweya, kapena likhoza kung'ambika polichotsa. Kathovu kakagwera pamalo ofunika, palibe kuchitira mwina, amayambiranso thireyi yonse.

Tisanyoze njirayi. Yatumikira anthu ochuluka, ndipo ikachitidwa ndi munthu wodziwa ntchito yake imapereka zotsatira zabwino mpaka lero. Kungoti ili ndi masitepe ambiri, ndipo pa sitepe iliyonse pakhoza kulowa kacholakwika.

Zimene zimachitika pojambula

Sikana ndi kachipangizo kogwira ndi dzanja limodzi, kokulirapo kuposa mswachi wamagetsi. Kunsonga kwake kuli kagalasi kounikira ndi kamera. Dokotala kapena womuthandiza amayamba waumitsa mano ndi mpweya, kenako amalowetsa nsonga ija n'kumaiyendetsa pang'onopang'ono: pamwamba pa mano pamene mumatafunira, mbali ya lilime, kenako mbali ya tsaya. Sikana imawalitsa kuwala pa mano n'kujambula zithunzi zambirimbiri pa sekondi iliyonse, ndipo kompyuta imalumikiza zithunzizo kukhala chithunzi chimodzi cha 3D, chotheka kuchizunguza ndi kuchiona mbali zonse.

Mukayang'ana pa sikirini mumaona mano anu akutulukira limodzi ndi limodzi pamene dzanja la dokotala likuyenda. Pamene sikana sinaone bwino pamatsala kabowo pa chithunzi. Dokotala amangobwerera pamalo omwewo n'kudutsitsanso nsonga, kabowo n'kutsekeka. Akamaliza mano a m'mwamba ndi a m'munsi amakuuzani kuti mulume, n'kujambula cham'mbali kuti kompyuta idziwe mmene mano anu amakumanirana. Kwa munthu wozolowera ntchitoyi, zonsezi zimatha m'mphindi zochepa.

Ngati mwatopa kuyasamula, mukufuna kumeza malovu kapena kutsokomola, mumangokweza dzanja. Dokotala amachotsa sikana, inu n'kupumako, kenako amapitiriza pamene analekezera. Ndi phala zimenezi sizitheka.

Nzeruyi si yachilendo kwenikweni. Dokotala wa mano wa ku France, François Duret, analemba za kujambula mano ndi kuwala mu 1973. Ku yunivesite ya Zurich, Werner Mörmann ndi Marco Brandestini anapanga makina otchedwa CEREC, amene anagwiritsidwa ntchito pa wodwala koyamba mu 1985. Masikana ambiri akale ankafuna kuti mano ayambe awazidwa kaufa koyera kuti asanyezimire. Ambiri a masiku ano safunanso zimenezo. Mayina amene mungamve kuchipatala ndi monga iTero, TRIOS, Primescan ndi Medit, koma musavutike ndi dzina la makina. Chofunika kwambiri ndi luso la amene akuwagwira.

Dzino lokwana bwino

Phindu lalikulu silioneka ndi maso. Kachipewa ka dzino, kamene madokotala amati crown, kamayenera kugwirana ndi dzino lanu popanda kusiya mpata. Mipata imeneyi imayezedwa m'mamaikironi. Maikironi 1,000 ndiwo amapanga milimita imodzi, ndipo madokotala ambiri amaona kuti mpata wa m'mphepete mwa kachipewa usapitirire mamaikironi pafupifupi 120. Ukakula, mumabisala zotsalira za chakudya ndi tizilombo, nkhama zimatupa, ndipo dzino limayamba kuwola pansi pa kachipewa mwakachetechete. Pofika nthawi imene mukumva kupweteka, zinthu zimakhala zitafika patali.

Pa ntchito ya dzino limodzi kapena mano ochepa oyandikana, sikana imayeza molondola mofanana ndi phala labwino. Imaposa phala pa chinthu chimodzi: dokotala amatha kukulitsa chithunzi pa sikirini n'kuona m'mphepete mwa dzino limene wasema inu mukadali pampando. Akaona kuti pena sanaseme bwino, amakonza pomwepo. Pa njira yakale, zolakwika zina zimadziwika chikombole chitafika kale ku labu, ndiye mumaitanidwanso, mwinanso kubayidwanso jakisoni wochititsa dzanzi.

Chithunzicho chimapita ku labu kudzera pa intaneti. Sichisweka panjira, sichifota ndi kutentha, ndipo katswiri wa ku labu akhoza kuchiona ndi kufunsa mafunso tsiku lomwelo. Zipatala zina zili ndi makina awoawo osemera mano kuchokera ku kachidutswa ka ceramic. Kumeneko munthu amajambulidwa, kachipewa n'kusemedwa ndi kuikidwa pa ulendo umodzi, osavala kachipewa kongoyembekezera kamene nthawi zina kamagwa pakudya. Koma dziwani kuti si chipatala chilichonse chokhala ndi sikana chimene chilinso ndi makina osemera. Funsani musanayembekezere kubwerako ndi dzino tsiku lomwelo.

Kudzionera nokha

Ndi anthu angati amene anaonapo kuseri kwa mano awo a kumapeto? Dokotala akanena kuti dzino lili ndi mng'alu kapena kuti pomwe anamata kale payamba kuphwanyika, wodwala amangovomera mwaulemu, mumtima akukayika. Sikana zambiri zimajambula ndi mitundu yake yeniyeni, choncho mumaona nokha litsiro louma limene lamatirira kuseri kwa mano a m'munsi, nkhama zofiira, kapena dzino limene laperepeseka. Mukatero mumafunsa mafunso oyenera ndipo mumasankha chithandizo mukudziwa chimene mukuvomera.

Ubwino wina umabwera pakapita nthawi. Chithunzi cha chaka chino chimasungidwa, ndipo chikhoza kusanjikizidwa pa cha chaka chamawa. Kompyuta imaonetsa pamene pasintha. Izi zimathandiza kwambiri kwa anthu okukuta mano kutulo, amene ambiri sadziwa kuti amatero, komanso kwa amene mano awo akudyeka ndi asidi wochokera m'mimba kapena m'zakumwa. Zimaonetsanso ngati nkhama zikubwerera m'mbuyo kapena ngati mano ayambanso kusuntha munthu atachotsa mawaya owongolera mano. Kusintha kotere kumachitika pang'onopang'ono moti diso lokha siligwira, ngakhale la dokotala.

Pa nkhani yowongola mano, sikana ndiyo yafala kwambiri. Tizipewa tapulasitiki toonekera mkati timene ena amavala m'malo mwa mawaya timapangidwa kuchokera pa chithunzi cha pakompyuta. Pulogalamu ikhoza kukuonetsani mmene mano angadzaonekere pamapeto. Chithunzi chimenecho chitengeni ngati chongoyerekeza, osati lonjezo, chifukwa mano a munthu sasuntha momvera kompyuta nthawi zonse. Ndipo chotetezera mano cha usiku kapena chogwiriziza mano owongoledwa chikatayika, nthawi zambiri china chimapangidwa kuchokera pa chithunzi chosungidwa, bola ngati mano sanasinthe.

Kodi n'zoopsa?

Ayi. Sikana imagwiritsa ntchito kuwala, ilibe cheza ngati cha X-ray. Ana akhoza kujambulidwa, amayi oyembekezeranso chimodzimodzi, ndipo kubwereza kangapo sikuvulaza. Sipweteka, ndipo kujambula pakokha sikufuna jakisoni. Chimene mungamve ndi kukoka kwa tsaya pamene nsonga ikufika ku mano a kumapeto, makamaka ngati muli ndi pakamwa papang'ono kapena nsagwada zanu sizitseguka kwambiri. Nsonga ya makina ena imakhala yofunda pang'ono. Amachita dala kuti kagalasi kasachite nthunzi.

Popeza nsongayo imakhudza malovu ndipo nthawi zina magazi, iyenera kusinthidwa pa wodwala aliyense. Ina imachotsedwa n'kuphikidwa m'makina ophera tizilombo ndi nthunzi yotentha, ina imavekedwa chophimba chotaya ikangogwira ntchito kamodzi. Muli ndi ufulu wofunsa kapena kuona ikutsegulidwa pamaso panu.

Chithunzi cha mano anu ndi mbali ya mbiri yanu ya zaumoyo. Chiyenera kusungidwa mwachinsinsi ngati zolemba zina zonse za kuchipatala. Mukhoza kufunsa kumene chimasungidwa ndi amene amachiona, komanso kupempha kuti chitumizidwe kwa dokotala wina mukasamuka.

Pamene sikana imalephera

Apa m'pofunika kumvetsetsa, chifukwa otsatsa malonda sakonda kunenapo. Sikana imajambula zokhazo zimene kuwala kwafikapo. Siona muzu wa dzino, fupa la nsagwada, mafinya a kunsonga kwa muzu, kapena dzino limene silinatuluke. Pa zimenezi X-ray ikufunikabe. Makina ena atsopano ali ndi kuwala kwapadera kothandiza kuona kubowoka kwa pakati pa mano, koma ngakhale amenewo ndi ongothandizira. Kuyeza kuya kwa timipata ta pakati pa nkhama ndi mano, kuona lilime, masaya ndi pansi pa lilime ngati pali chilonda chokayikitsa, zonsezi zimafunabe maso ndi manja a dokotala.

Malovu ndi magazi zimasokoneza chithunzi. Ngati m'mphepete mwa dzino losemedwa muli pansi pa nkhama, dokotala amayenera kulowetsa kachingwe kopyapyala kokankha nkhama kuti sikana ione, monga amachitiranso ndi phala. Nkhama zikakhala zotupa ndi zotuluka magazi, nthawi zambiri ndi bwino kuzichiza kaye.

Kwa munthu amene mano onse anatha, sikana imavutika. Kompyuta imalumikiza zithunzi potsatira maonekedwe a mano, ndiye pa nkhama zosalala imasowa pogwira, ndipo tizolakwika timaunjikana pamene mtunda wojambula ukutalika. Komanso mano oikirira a m'kamwa monse amadalira mmene minofu yofewa ya m'mbali imayendera munthu akamayankhula ndi kutafuna, chinthu chimene phala limagwira bwino kuposa kuwala. Choncho dokotala akakutulutsirani thireyi pamene sikana ili pambali, musaganize kuti ndi wotsalira. Mwina wasankha chida choyenera ntchitoyo.

Makinawa ndi okwera mtengo, amafuna magetsi, kompyuta yamphamvu ndi anthu ophunzitsidwa, choncho sapezeka paliponse. Lipoti la mu 2022 la bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lonse ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo ochuluka mwa mavutowa, monga kubowoka kwa mano ndi matenda a nkhama, amapewedwa ndi kuchizidwa popanda sikana. Dzino likamapweteka, nkhama zikamatuluka magazi, kapena chilonda cha m'kamwa chikatha milungu iwiri osapola, pitani kwa dokotala amene muli naye pafupi. Musachedwe n'kufunafuna kumene kuli makina.

Ngati mwauzidwa kuti mukajambulidwe

Palibe kukonzekera kwapadera. Idyani monga mwa nthawi zonse, kenako tsukani mano bwinobwino ndi kuchotsa zotsalira pakati pa mano, chifukwa sikana imajambula chilichonse chimene yapeza, ndi litsiro lomwe. Tengani mano oikirira kapena chilichonse chimene mumavala m'kamwa. Uzani dokotala ngati mumachita nseru msanga, ngati nsagwada zimakupwetekani mukayasamula nthawi yaitali, kapena ngati mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi.

Musanachoke pampando, pemphani kuti akuonetseni chithunzicho ndi kukulozerani pamene pali vuto. Funsaninso ngati pakufunika X-ray, ngati kujambula kuli ndi mtengo wakewake kapena kuli m'kati mwa mtengo wa chithandizo, ndi kuti dzino lanu lidzakhala litakonzeka liti.