Musanaoloke malire ndi nsomba, kamba kapena chikopa cha ng'ona

M'chaka cha 2020 asodzi ndi alimi a nsomba ku Mchinji anayamba kuvuula milamba ndi matemba okhala ndi madontho ofiira m'mbali. Pakapita masiku dontho lija limasanduka chilonda chakuya, chotuwa m'mphepete, mpaka mnofu kuonekera. Awa ndi matenda a zilonda za nsomba, omwe akatswiri amawatchula kuti EUS. Amayamba ndi kachilombo ka m'madzi konga chuku, kotchedwa Aphanomyces invadans. Anaoneka koyamba ku Japan mu 1971, kenaka anasakaza nsomba m'maiko ambiri a ku Asia, ndipo cha mu 2006 anapezeka mu mtsinje wa Chobe ndi Zambezi. Atafika ku Mchinji, boma linaletsa kusodza ndi kunyamula nsomba kuchokera m'madera okhudzidwa.

Kachilomboka kamayenda m'madzi, komanso kamakwera galimoto. Kamabisala mu chigubu cha mbewu ya nsomba chomwe mlimi wagula kutsidya la malire, mu ukonde wonyowa, ngakhale m'madzi omwe munthu wakhuthula m'dambo atafika kwawo. N'chifukwa chake nsomba zamoyo, mazira ake, magazi kapena tiziduswa ta mnofu topita kukapimidwa sizilowa m'dziko mwachisawawa. Lamulo la za usodzi la 1997 limaletsa kubweretsa nsomba zachilendo m'madzi a Malawi popanda chilolezo. Yambani mwafunsa ku ofesi ya za usodzi ya m'boma lanu ndi ku nthambi yoona za umoyo wa ziweto, ndipo muchite izi katundu asananyamuke kumene akuchokera. Pofika pa Mchinji, Mwanza, Songwe kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu mukhale kale ndi chilolezo ndi kalata ya dokotala wa ziweto wa dziko lomwe katunduyo wachokera.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti mlimi amene wazembetsa mbewu yodwala sataya damu lake lokha. Mvula ikagwa damu n'kusefukira, matenda amatsikira mu mtsinje womwe mudzi wonse umapezamo ndiwo, ndipo akalowa m'madzi a chilengedwe palibe mankhwala owachotsa.

EUS payokha sigwira munthu. Komabe musadye kapena kugulitsa nsomba ya zilonda, chifukwa pabalapo pamaswana tizilombo tina totsegula m'mimba. Ikwirireni m'dzenje kapena muitenthe, maukonde muwaumitse padzuwa mpaka gwaa, ndipo mudziwitse mlangizi wa za nsomba.

Nkhani ya zokwawa ndi ina. Kamba, buluzi, njoka ndi ng'ona zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo ngakhale zikuoneka zathanzi. Tizilomboti timatuluka ndi ndowe n'kumata pa chigoba, pakhungu ndi m'madzi omwe nyamayo ikukhala. Mwana akagwira kamba n'kuika zala m'kamwa akhoza kuyamba kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kupotokola m'mimba. Ku America vutoli linakula kwambiri moti mu 1975 boma linaletsa kugulitsa tiakamba tosakwana mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10, poti ndi tomwe ana amatiseweretsa ngati zidole. M'nyumba momwe muli mwana wosakwana zaka 5, agogo okalamba kapena munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika, musasungemo nyama zotere. Mukazigwira sambani m'manja ndi sopo, ndipo chidebe chake chisatsukidwe pomwe mumatsukira mbale.

Palinso pangano la maiko la CITES, lomwe linasainidwa ku Washington mu 1973 ndipo Malawi analowamo mu 1982. Limateteza nyama zomwe zili pachiopsezo chotha, ndipo limakhudza nyama yamoyo pamodzi ndi zinthu zochokera ku nyamayo: chikopa cha ng'ona kapena cha nsato, mazira, chigoba cha kamba, ngakhale kabotolo ka magazi a nyamayo konyamulidwa ndi wophunzira wopita kukachita kafukufuku kunja. Kuno kwathu zilolezo zake zimaperekedwa ndi nthambi yoona za nyama zakutchire ndi malo ozisungira.

Abale athu amene mumanyamula usipa ndi chambo chowamba popita ku Britain kapena ku maiko a European Union, malamulo akumeneko amalola nsomba zouma, zowamba kapena zotumbula zosapitirira makilogalamu 20 munthu mmodzi, zoti mukadye nokha. Nyama ndi mkaka zochokera kuno saloleza. Malamulowa amasintha kukabuka matenda, choncho aoneninso sabata yomwe mukunyamuka. Ngati mwakayika ndi chomwe chili m'chikwama, uzani wa pachipata asanakufunseni, ndipo lembani pa phukusi dzina la nyamayo ndi dziko lomwe yachokera.