Ambuya akayamba kuiwala, wosaina fomu ndani?

Ndine nesi wa mbali ya matenda a maganizo kuno ku Chipata, ndipo funso lomwe achibale amabwera nalo kwambiri si la mankhwala ayi. Amati "asisita, manje poti amai mutu sukugwira, tisaine ndife eti?" Pofunsapo amaiwo ali pompo pa benchi, akumva zonse, koma palibe olo mmodzi wawacheukira. Ndiye lero tikambeko za nkhani imeneyi, kuti kodi munthu nzeru zikayamba kuchepa, omusamala angamusankhire ziti, nanga ndi ziti zomwe zikali zake.

Koma tisanafike uko, pali kusokonezeka kuwiri komwe anthu amakuphatikiza. Kwina kumabwera mwadzidzidzi, munthu dzana anali kumunda akukumba nsawa lero sakudziwa ana ake, akubwebweta, usiku sagona. Kumeneku nthawi zambiri kumakhala ndi chochititsa chomwe chimachizika: malungo, chibayo, matenda a njira ya mkodzo, shuga kutsika kapena kukwera, madzi kuchepa m'thupi, sitiroko, penanso mankhwala omwe akumwa. Thamangirani ku kiliniki tsiku lomwelo, ndipo sabata imeneyo si yogawana ng'ombe kapena kusainitsa mapepala a munda, chifukwa munthuyo akhoza kubwerera mwakale. Kwinako kumabwera pang'onopang'ono kwa miyezi ndi zaka, kuiwala mayina, kufunsa chimodzimodzi kakhumi, kusochera njira ya ku chigayo yomwe ayenda moyo wao onse. Uku ndiye timati dementia. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni padziko ali nayo, ndipo mwa 100 alionse, 60 mpaka 70 ndi a mtundu wa Alzheimer's. Enanso imabwera kamba ka timasitiroko ting'onoting'ono ta BP yosasamalidwa, kachasu wa zaka zambiri, HIV yosamwera mankhwala, olo chindoko chakale, nchifukwa chake timafuna kupima magazi tisananene kuti basi ndi ukalamba. Ndipo ambuya opezeka mbandakucha pakhomo la eni ake osavala si mfiti yagwa paulendo, ndi wodwala wasochera. Kutchula munthu mfiti ndi mlandu pa lamulo la Witchcraft Act, a nyakwawa akumbukireko zimenezi anthu asanatole miyala.

Manje pa nkhani ya kusankha. Nzeru sizizima zonse kamodzi ngati malaiti. Asikulu amene sangathenso kuwerengera ndalama za chimanga chomwe agulitsa ku FRA akhoza kudziwa bwinobwino kuti safuna kukakhala kwa mwana wao ku Lusaka, ndipo angakuuzeni ndi chifukwa chake. Ife kuchipatala sitifunsa kuti "kodi mutu ukugwira?", timafunsa pa nkhani imodzi imodzi, pa nthawi imeneyo. Tinene kuti ali ndi ng'ala m'diso dokotala akufuna kuchita opaleshoni. Timawafotokozera mwachidule, kenako tione ngati amva zomwe tanena, ngati angazisunge m'mutu kwa kanthawi kokwanira kuti aganize, ngati angayeze ubwino ndi kuopsa kwake, ndiponso ngati angatiuze chomwe asankha, kaya ndi mawu kaya ndi kugwedeza mutu. Zikatheka zimenezi wosaina ndi iwo, olo mawa aiwale kuti tinakambirana.

Ndipo kafunsidwe kali ndi ntchito maningi. Ambiri a dementia amakhala bwinoko m'mawa, dzuwa likapendeka msokonezo umakula, ndiye musawafunse zinthu zazikulu madzulo mutachoka ku ntchito muli otopa nonse. Afunseni m'chilankhulo chao cha kumudzi, kaya Chinsenga cha ku Petauke kaya Chitumbuka cha ku Lundazi, osati chizungu chosakaniza chomwe adzukulu abwera nacho ku tauni. Wailesi muzimye, alankhule munthu mmodzi, osati anthu asanu ndi awiri onse pakamodzi. Agogo ena amene banja linagamula kale kuti anasokonezeka, kupima bwino upeza kuti ndi makutu chabe samva.

Apa ndipomwe ndimakangana ndi achibale kawirikawiri: kukana si umboni woti munthu wapenga. Atate anu akakana kudulidwa mwendo wa chilonda cha shuga, akudziwa kuti akhoza kufa nacho ndipo akunena okha choncho, ndi ufulu wao, zowawa inde koma ndi thupi lao. Chodabwitsa nchakuti akavomera zomwe ana akufuna palibe amakaikira nzeru zao, akangoti toto ndiye mumve "aah adala awa mutu unapita kale".

Lamulo nalonso linasintha. Mental Health Act ya 2019 inalowa m'malo mwa lamulo la atsamunda la 1949, ndipo imayambira poti wodwala maganizo ali ndi ufulu wodzisankhira. Munthu akali ndi nzeru zake angathe kulemberatu zofuna zake ndi kutchula womuimira, ndipo ngati nzeruzo zatheratu khoti lingasankhe womuthandiza. Sikuti woyamba kubadwa amangokhala mwini zonse ayi. Pa nkhani za nyumba, akaunti ya ku banki ndi penshoni, kafunseni ku Legal Aid Board, ofesi ya boma yothandiza anthu pa nkhani za malamulo, musanagwire cholembera.

Nanga zikafika poti sangathenso, tawayesa m'mawa, m'chilankhulo chao, zakanika? Funso loyamba lisakhale loti ife zitiphwekera bwanji, koma loti iwowa akanati chani. Anthu athu amanena zinthu izi akali amphamvu, kungoti amazinena pa maliro a anzao kapena pokazinga chimanga, "ine musadzandivutitse ndi mapaipi", "ine ndidzafere pamudzi pano". Mawu amenewo ndi olemera. Chikhulupiriro chaonso sichinathe chifukwa aiwala, wa Mboni za Yehova amene moyo wake onse amakana magazi, wa Sabata amene sanadyepo nkhumba, sitimusinthira lero poti sangadziteteze. Pokhapo palibe amene akudziwa zomwe akanafuna mpamene timayeza tokha chowakomera, ndipo timasankha njira yomwe iwalanda ufulu pang'ono kuposa zonse.

Vuto lake ndi loti pa msonkhano wa banja mawu akulu amakhala a amene amatumiza ndalama pa foni kuchokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg, kenako a atsibweni eni mbumba kwa Achewa, kapena a kuchimuna kwa Angoni a kwa Mpezeni. Onsewa ndi ofunika sindikukana. Koma amene amawasambitsa, kuwachapira zofunda usiku, amene akudziwa kuti phala amadya likakhala la nsinjiro ndipo amaopa mdima, nthawi zambiri ndi mwana wamkazi kapena mpongozi, ndipo amakhala kukhitchini akuphikira msonkhano omwewo. Muitaneni akhale pansi alankhule poyamba. Ine dokotala akandifunsa kuti timve kwa ndani, ndimaloza ameneyo.

Kuwasamutsa kupita nao ku tauni kumaoneka ngati chikondi, nyumba ya matailosi, toileti mkati, chipatala pafupi. Koma munthu wa dementia amayenda ndi chizolowezi, akudziwa pali mtondo, pali khola, pali mtengo wa mango, mukamuchotsapo msokonezo umakula ndipo amangofuna geti kuti abwerere kwao. Nthawi zina palibe kuchitira mwina, kumudzi kulibe owasunga. Koma ngati alipo, bwino ndalama zipite komweko kukathandiza wosamalayo kusiyana nkunyamula agogo.

Za kutsekera m'nyumba ndi kumanga ndi chitenje pa bedi, ndikudziwa anthu sachita mwankhanza, amafuna kupita kumunda ndipo akuopa chitsime, moto ndi ma honda pa msewu. Koma womangidwa amalimbana, amavulala, amachita zilonda, ndipo m'nyumba yokhoma moto ukabuka satuluka. Tsekani chitsime, sungani machesi ndi mankhwala a m'munda patali, uzani aneba ndi a njinga za kabaza kuti akawaona awabweze, sokererani nambala ya foni mkati mwa malaya ao. Kuyendayenda pabwalo alekeni, si tchimo. Mankhwala ogonetsa kuti pakhomo pakhale bata, makamaka ogula mwamseri, amagwetsa okalamba nkuthyoka chiuno.

Kubisa mapilisi mu phala nakonso musayambe nokha. Ngati akali ndi nzeru zokana, kubisa ndi kuwanamiza basi. Ngati alibe ndipo mankhwalawo ndi ofunikadi, kambiranani ndi dokotala kapena wa ku famase, chifukwa ena saphwanyidwa, ndipo mwina pa mitundu isanu ndi umodzi yomwe akumwa yofunika ndi iwiri chabe. Nanga akamafunsa amuna ao omwe anamwalira kale? Ine sindiona phindu lowauza za malirowo tsiku lililonse kuti alire mwatsopano. Sindikondanso bodza lamkunkhuniza loti apita ku Saturday Market akubwera. Mutha kungoti "mwawasowa eti ambuya, tandiuzeni munakumana kuti", nkhani imakhotera yokha.

Kumapeto kwa matendawa munthu amaleka kumeza bwino, ndipo banja limapempha paipi yodyetsera ya m'mphuno poopa kuti anthu adzati tinawapha ndi njala. Madokotala a okalamba anaona kuti pa dementia yofika pamenepa paipi sitalikitsa moyo, ndipo wodwala amaizula mpaka kumumanga manja. Kudyetsa ndi supuni pang'onopang'ono atakhala tsonga, kunyowetsa milomo, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuthetsa ululu, chimenecho ndi chisamaliro chokwanira. Sitiroko ya dzulo ndi nkhani ina, pamenepo paipi imathandiza, ndiye funsani dokotala kuti wanuyo ali mbali iti.

Za ndalama ndinene mosabisa. Penshoni ya ku NAPSA, ya Social Cash Transfer, ya lendi ya nyumba yao ku Kapata, zonsezo ndi zao mpaka tsiku lomaliza, si cholowa chodyeratu. Wosunga pini ya foni akhale ndi kabuku, alembe zalowa ndi zatuluka, wina wa m'banja aziona mwezi ndi mwezi, ndipo wosamala uja azipatsidwako kenakake poyera kuti asamachite kutapa mobisa. Mukaona chala cha ambuya chadindidwa pa pepala logulitsa munda pomwe iwo sadziwa olo tsiku la lero, pitani kwa amfumu mukaimitse, ndipo ku polisi funsani ofesi ya Victim Support Unit.