Kulankhula Momasuka ndi Adotolo: Uthenga kwa Odwala ndi Owasamalira m'Chigawo cha Tete

M'zipatala za m'chigawo chathu, kuyambira ku Angónia, Tsangano ndi Macanga mpaka ku chipatala chachikulu cha mumzinda wa Tete, odwala ambiri amalowa m'chipinda cha adotolo mtima uli m'mwamba. Adotolo avala zoyera, akhala kuseri kwa tebulo ndi cholembera m'manja, ndipo kawirikawiri akulankhula Chipwitikizi, pamene wodwalayo ululu wake amadziwa kuufotokoza m'Chichewa kapena m'Chinyungwe. Panja pali mzere wa anthu amene anafika m'mamawa, choncho wodwala amaona ngati kufunsa n'kuchedwetsa anzake.

Taganizirani mayi amene wabwera ndi mwana wotentha thupi. Wakhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pansi monga tinaleredwera pamaso pa akuluakulu, ndipo chilichonse chimene wauzidwa akungoyankha kuti "inde, bambo". Atatuluka, wayamba kufunsa amayi anzake pabenchi kuti mapiritsi apatsidwawo amamwedwa bwanji. Ulemu wa mayiyu ndi wabwino, koma pamenepa ukhoza kuika moyo wa mwana pachiswe. Mankhwala a malungo a Coartem amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndipo mwana akasiyira panjira chifukwa thupi lazizira, malungo amatha kubwereranso. A chifuwa chachikulu kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6 kapena kupitirira, pamene ma ARV ndi a tsiku lililonse kwa moyo wonse. Zonsezi munthu sangazitsate bwino ngati sanamvetse.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanatuluke m'chipindamo, funsani dzina la matenda anu, kamwedwe ka mankhwala ndi masiku ake, zizindikiro zimene ziyenera kukubwezani kuchipatala mwamsanga, komanso tsiku lobweranso. Ngati Chipwitikizi chikukuvutani, nenani poyera kuti simunamve ndipo pemphani kuti namwino kapena wachibale amene mumamukhulupirira akumasulireni. Kenaka bwerezani m'mawu anu zimene mwauzidwa, kuti ngati mwamva molakwika adotolo akonze pomwepo.

Chinthu chimene odwala amabisa kwambiri ndi mankhwala azitsamba. Ambiri amayamba apita kwa asing'anga, ndipo poopa kukalipiridwa amakana kuti sanamwe kalikonse. Tikukupemphani ndi mtima wonse kuti muzinena zoona, makamaka amayi oyembekezera ndi onse amene ali pa ma ARV, chifukwa zitsamba zina zimasokoneza mphamvu ya mankhwala akuchipatala ndipo zina zimavulaza chiwindi ndi impso. Chimodzimodzi ngati munadumphitsa masiku akumwa mankhwala: adotolo akadziwa, amaona chochita.

Unduna wa Zaumoyo, MISAU, uli ndi chikalata cha ufulu ndi udindo wa wodwala. Muli ndi ufulu wolandiridwa mwaulemu, wofotokozeredwa za matenda anu, wovomereza kapena kukana mutamvetsa bwino asanakuchiteni opaleshoni, ndiponso woti matenda anu asungidwe mwachinsinsi. Ngati mwanyozedwa kapena mwapemphedwa ndalama zosadziwika bwino, kadandauleni ku ofesi yomvera madandaulo a odwala, yotchedwa Gabinete do Utente, kapena kwa mkulu wa chipatalacho.

Kwa inu adotolo ndi anamwino, tikudziwa kuti ndinu ochepa ndipo ntchito ndi yambiri. Komabe mphamvu m'chipindamo zili m'manja mwanu, ndipo wodwala sangamasuke mukapanda kuyamba ndinu. Mpatseni moni m'chinenero chake, kwezani maso kuchoka pakhadi, ndipo musamudule mawu akamafotokoza. M'malo mofunsa kuti "Mwamva?", funso limene aliyense amayankha kuti inde, mufunseni kuti, "Amayi, mukafika kunyumba mwanayu mukampatsa bwanji mankhwalawa?"