Kufika Pachimake pa Luso Lako Sikudikira Kuti Ukhute Kaye

Ambiri timakhulupirira kuti munthu amayamba wakhuta, wapeza pogona, wakondedwa ndi kulemekezedwa, kenako n'kufika pamwamba pomwe wakhala zonse zimene akanatha kukhala, n'kukhazikika pomwepo moyo wake wonse. Maganizo amenewa amachokera pa chithunzi cha piramidi chosanja zosowa za munthu kuyambira pansi mpaka pamwamba, chimene amati ndi cha Abraham Maslow, katswiri wa za maganizo a anthu.

Komatu Maslow sanajambule piramidiyo, anaijambula ndi anthu ena pambuyo pake. M'nkhani yake ya mu 1943, iye ananena poyera kuti chosowa china chimayamba kudzuka chinzake chisanakwaniritsidwe kotheratu. Anthu amene anawatenga ngati zitsanzo za ofika pamwambapo, monga Abraham Lincoln (pulezidenti wakale wa America) ndi Eleanor Roosevelt (mkazi wa pulezidenti wina wa dzikolo), analinso ndi zofooka, ndipo iye mwini anavomereza kuti anthu otere si angwiro.

Chimene chimandiwawa n'chakuti chithunzichi chimauza wosauka kuti adikire kaye. Ayi ndithu! Taonani mayi amene wasoka tsiku lonse, maso akuwawa, koma akumasulabe msoko umodzi wokhota chifukwa mtima sukumulola kuusiya choncho. Ndalama ya lendi sanaipeze, komabe pa mphindi imeneyo luso lake lonse lili m'zala zake. Mawa akhoza kudzuka wofooka, dzanja likulemera, n'kudzatenganso singano.